Nyanja Itathawa ku Nkhotakota

Mbiri ya Nkhotakota anthu amakonda kuiyambira pa Jumbe. Amanena za Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, yemwe anafika m'zaka za m'ma 1840 namanga malo ake a malonda ku Linga, ndi za zombo zake za matanga zomwe zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, komwe kunkayambira ulendo wapansi wa ku Kilwa. Kenako amatchula David Livingstone, amene anadutsa mu 1861 nabweranso mu 1863, ndi mkuyu womwe alendo amajambulitsa pansi pake mpaka lero. M'nkhani zonsezi nyanja imangokhala phee pamalo pake. Obwera ndi kupita ndi anthu, madzi amatengedwa kuti anali pomwepo chilengedwere dziko.

Si choncho. Nthawi ina pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo, munthu woima pamchenga wa ku Sungu sakanaona funde ngakhale limodzi. Akanatha kutsetsereka wapansi m'chigwa cha fumbi ndi zitsamba n'kukatulukira kumapiri a ku Mozambique osafuna bwato. Kale kuposa apo, dera lino linali m'mphepete mwa chipululu cha madzi oundana. Ndipo kale kwambiri, kusanakhale mtengo, nsomba kapena nyongolotsi, dziko lonse lapansi linaundana, nyanja zamchere zomwe, mpaka ku ikweta. Umboni wake suli kutali: uli m'matope a pansi pa nyanja, m'miyala ya malasha, ndi m'migodi ya kopa ya anansi athu.

Matope ndiwo osavuta kuwerenga. Kumayambiriro kwa 2005 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Christopher Scholz wa ku Syracuse University, pamodzi ndi Thomas Johnson wa ku Minnesota ndi Andrew Cohen wa ku Arizona, linatenga Viphya, chombo chomwe chinkanyamula mafuta panyanjapa, n'kuchimangirira makina obowolera. Anakaima kumpoto chakum'mawa kwa Nkhata Bay, pamadzi akuya mamita 592. Pakuya chotere nangula sathandiza, choncho chombocho chinkaimikidwa malo amodzi ndi mainjini oyendetsedwa ndi kompyuta, usiku ndi usana, pamene mapaipi ankatsika. Anabowola mamita 380 kulowa pansi pa nyanja.

Chomwe chimapangitsa matope amenewa kukhala amtengo wapatali ndi chinthu chomwe asodzi a chilimira amachidziwa m'njira yawo: nsomba zimakhala m'madzi a pamwamba. Kutsika kupitirira mamita 200 kapena 250, madzi a nyanjayi alibe mpweya wopuma. Nsomba sizifikako, ndipo kulibe nkhono kapena nyongolotsi zovundula matope. Chilichonse chomwe chamira chimagona momwe chagwera, kaya ndi mungu wa mitengo wouluzika ndi mwera, makala a moto wa m'tchire, zigoba za ndere zosaoneka ndi maso, fumbi kapena phulusa. Chaka chimagona pamwamba pa chinzake popanda wosokoneza. Mamita 380 aja anasunga zaka pafupifupi 1.3 miliyoni.

Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2007. Pakati pa matope akuda a m'madzi akuya anapeza magawo a dothi lotuwa, lolimba, lodzaza ndi zigoba za tizilombo tomwe timakhala m'madzi osaya ndi amchere. Malo omwe lero ali pansi pa madzi mamita pafupifupi 600 anali pafupi ndi gombe. Nyanja yomwe pakuya pake penipeni imafika mamita 700 inatsala ndi mamita 125 okha, ndipo pa magawo 100 a madzi ake, 95 anali atauma. Mungu wa mitengo ya m'nkhalango unachepa. Ngakhale makala anasowa m'matope a nthawi imeneyo, kusonyeza kuti tchire linalibe udzu wokwanira kuyendetsa moto. Kwa aliyense wodziwa momwe mapiri a kuseri kwa Nkhotakota amayakira mu Seputembala ndi Okutobala, tchire lokanika kupsa ndi chilala chovuta kuchiganizira.

Sizinachitike kamodzi. Kafukufuku wina wa matope omwewo, wofalitsidwa mu 2015, anawerenga maulendo 24 omwe madzi anatsika kupitirira mamita 200, ndipo 15 mwa maulendowo anatsika kuposa mamita 400. Nyanja yodzaza yomwe Jumbe anaipeza si mkhalidwe wake wa nthawi zonse. Mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka ndi chambo yomwe dziko limatitamanda nayo inaswana ndi kusiyana m'nyanja yomwe inkafota ndi kudzaza mobwerezabwereza, zilumba zikusanduka mapiri, mapiri n'kusandukanso zilumba.

Gwero la kusinthaku lili kumwamba. Milutin Milankovitch, katswiri wa masamu wa ku Serbia, anathera zaka zambiri m'chigawo choyamba cha zaka za m'ma 1900 akuwerengera ndi pensulo momwe kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa kamasinthira. Kupendekeka kwa dziko kumakula ndi kuchepa pa zaka 41,000 zilizonse. Mbali yomwe lapendekera imazungulira pa zaka pafupifupi 21,000. Njira yake yozungulira dzuwa imatambasuka ndi kubwerera pa zaka pafupifupi 100,000. Kutentha konse kochokera kudzuwa sikusintha kwenikweni, chomwe chimasintha ndi komwe kukugwera ndi nyengo yomwe kukugwera. Kumpoto kwa dziko chilimwe chikakhala chofooka, chipale cha chaka chatha sichisungunuka chonse, cha chaka chino n'kudzagwera pamwamba pake. Nyanja zamchere zikazizira zimameza mpweya wa kaboni, womwe ndi umene umasunga kutentha mumlengalenga. Timatumba ta mpweya totsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica timaonetsa kuti m'nyengo zozizira mpweyawu unkatsika kufika magawo 180 pa miliyoni, ndipo m'nyengo zofunda unkakwera kufika 280.

Apa ndi pomwe matope a Viphya anawongola mabuku. Kwa nthawi yaitali nyengo ya kale ya Africa inkalembedwa ngati mthunzi chabe wa ya Ulaya: kumpoto kukaundana, kuno kuuma, basi. Zoona zake n'zakuti zaka 21,000 zapitazo, pamene madzi oundana anakuta Canada ndi Scandinavia, nyanja zamchere n'kutsika mamita 120, kuno kunaumadi. Madzi a nyanja yathu anazizira ndi madigiri 3 kapena 4, ndipo anatsika mamita pafupifupi 100. Koma chilala chimenecho chinali chaching'ono poyerekeza ndi chija cha zaka 135,000 mpaka 75,000, chomwe mbali yake yaikulu inagwa pamene kumpoto sikunaundane kwambiri. Mvula yathu imamvera dzuwa la m'madera otentha kuposa momwe imamvera chipale cha ku Canada. Njira ya dziko ikatambasuka kwambiri, nyengo za mvula yochuluka ndi za chilala choopsa zimasinthana mwamphamvu, ndipo nyanja imene madzi ake ambiri amachoka pouma ndi dzuwa silimba.

M'matope omwewo mulinso kamzere ka phulusa kosaoneka ndi maso. Mu 2013 Christine Lane ndi anzake anapezamo tizidutswa ta galasi tochokera kuphiri la Toba ku Sumatra, mtunda woposa makilomita 7,000, lomwe linaphulika zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Panali chiphunzitso chotchuka choti kuphulikako kunaziziritsa dziko mpaka mtundu wa anthu unatsala pang'ono kutha. Matope a pansi ndi a pamwamba pa phulusalo sanasiyane kwenikweni. Kuno Toba anadutsa osasiya bala.

Anthu analipo kale. Ku Karonga, Jessica Thompson ndi gulu lake anafukula zida za miyala zambirimbiri za zaka zoposa 90,000, ndipo atayerekeza ndi matope a m'nyanja anaona kuti madzi atabwerera zaka 85,000 zapitazo, nkhalango sizinabwerere momwe zinkachitira kale. Makala ndiwo anachuluka. Iwo amati apa pali dzanja la munthu ndi moto wake.

Koma m'zaka zonsezi madzi oundana enieni sanafike m'chigwa chino. Anakulira pamwamba pa Kilimanjaro, Rwenzori ndi phiri la Kenya, n'kutsikirako m'munsi pang'ono. Wofuna nthawi yomwe anaimadi pa nthaka ya dera lino ayenera kubwerera zaka 300 miliyoni, nyanja isanang'ambike n'komwe, pakuti chigwa chake chinayamba kutsika zaka pafupifupi 8 miliyoni zokha zapitazo.

Nthawi imeneyo Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica zinali mtunda umodzi, Gondwana, ndipo mtundawo unkadutsa pang'onopang'ono pamwamba pa South Pole. Madzi oundana akaunjikana pamtunda sakhala chete, amayenda, akunyamula chilichonse. Mtsinje wa Bua umasanja katundu wake: miyala imatsala kumtunda, mchenga pakati, matope kumathiriro. Madzi oundana sasanja. Akasungunuka amataya chimwala chachikulu pamodzi ndi nsangalabwi ndi dothi losalala, zonse mulu umodzi, ndipo miyala yambiri imakhala ndi mikwingwirima yomwe inakandika pokhuzidwa pathanthwe. Mwala wosakanizika chotere ukupezeka pansi penipeni pa miyala yotchedwa Karoo m'chigwa cha Ruhuhu, kutsidya la Tanzania la nyanja yathu yomweyi, komanso ku Tete, m'chigwa cha Luangwa, ndi m'dera lalikulu la South Africa komwe amautcha Dwyka. Pafupi ndi Kimberley, pamalo otchedwa Nooitgedacht, pali thanthwe lopalidwa bwino lomwe mizere yake ikuonetsa komwe madzi oundanawo ankalowera, ndipo patapita zaka mamiliyoni anthu akale anadzajambulapo zithunzi zawo.

Pamwamba pa miyala ya chisanuyo pamagona malasha. Madzi oundana atasungunuka anasiya madambo, m'madambomo n'kumera mitengo ya masamba ooneka ngati lilime yotchedwa Glossopteris. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi a ku Moatize, omwe sitima zimadutsa nawo ku Nkaya ndi ku Liwonde popita ku Nacala, ndi mitengo imeneyo. Masamba omwewo akupezeka ku India, ku Australia ndi ku Antarctica, komwe Robert Scott ndi anzake anafera mu 1912 akukoka makilogalamu 16 a miyala, ina mwa iyo yokhala ndi masamba amenewa. Alexander du Toit wa ku South Africa anatsamira pa umboni wotere mu 1937 potsutsa anzake omwe ankaseka ganizo loti makontinenti amayenda.

Kukhala pafupi ndi South Pole pakokha sikukwanira, popeza mbiri ya dziko ili ndi nyengo zomwe kumapeto ake onse awiri kunamera nkhalango. Chomwe chinawonjezera ndi mpweya. Mitengo inali itangofalikira padziko kwa nthawi yoyamba, mizu yake ikuswa miyala, mitengo yakufa ikukwiririka m'madambo osawola, ndipo kaboni yemwe inatenga mumlengalenga inapita naye pansi. Mpweya wosunga kutentha unachepa, chisanu n'kupeza mpata. Ngakhale zinali choncho, madera a ku ikweta anakhalabe ofunda. Dziko linazizira, koma silinaundane lonse.

Linaundana lonse kale kuposa apo, ndipo mboni yapafupi ili ku Copperbelt. Anthu a migodi ku Zambia ndi ku Katanga akhala akudziwa kwa zaka zambiri mwala wina wokhuthala, wosakanizika, womwe akatswiri a ku Belgium anautcha Grand Conglomérat. M'malo ena ndi wochindikala mamita mazanamazana. Mgodi waukulu wa Kamoa-Kakula pafupi ndi Kolwezi, womwe unayamba kutulutsa kopa mu 2021, umakumba m'munsi mwa mwala womwewu. Pamwamba pake, patadutsa miyala ina, pali wina wocheperapo, Petit Conglomérat. Awiriwa ndi zotsalira za nyengo ziwiri za chisanu: yoyamba inayamba zaka 717 miliyoni zapitazo n'kutha zaka 660 miliyoni zapitazo, yachiwiri inatha zaka 635 miliyoni zapitazo. Yoyambayo yokha inatenga zaka zoposa 55 miliyoni. Mtundu wathu wa anthu wakhala padziko zaka 300,000.

Miyala ya kumapiri a Nkhotakota, ya paphiri la Chipata ndi ya m'mathithi a Bua, ndi yakale mokwanira kuti inaliko, koma singachitire umboni. Nthawi imeneyo inali pansi kwambiri, ndipo pambuyo pake inaphikidwa ndi kupindidwa pamene mitunda inkagundana kupanga Gondwana. Zomwe zinali pamwamba pake zinakokoloka kalekale.

Chomwe chinavuta akatswiri si kupezeka kwa miyala ya chisanu, koma kupezeka kwake paliponse. Brian Harland wa ku Cambridge, yemwe ankagwira ntchito ku Svalbard, analemba mu 1964 kuti miyala ya msinkhu umenewu ili pafupifupi m'makontinenti onse, ndipo ina yagona pakati pa miyala ya laimu yomwe imapangika m'nyanja zofunda. Ambiri sanamumvere. Kenako akatswiri ena anayeza maginito a m'miyala. Matope akamauma, tizitsulo ta m'kati mwake timaloza komwe mphamvu ya maginito ya dziko inkaloza tsiku limenelo, chopendekera pansi kwambiri ngati ali pafupi ndi kumapeto a dziko, chogona ngati ali pafupi ndi ikweta. M'miyala ya chisanu ya Elatina ku South Australia tinali chogona. Madzi oundana anafika pagombe la nyanja yamchere, m'dera lomwe dzuwa limadutsa pamutu monga limachitira ku Nkhotakota.

Momwe zingachitikire anali atazionetsa kale Mikhail Budyko wa ku Leningrad mu 1969, ngakhale iye ankaganiza kuti sizinachitikepo. Aliyense amene anavalapo mkanjo woyera popita kumzikiti Lachisanu masana, n'kuponda tala wa msewu wa M5 wopanda nsapato, akudziwa mfundo yake: choyera chimabweza dzuwa, chakuda chimalimeza. Nyanja yamchere imameza pafupifupi kuwala konse kogwerapo, chipale chatsopano chimabweza gawo lalikulu. Madzi oundana akakula, dziko limabweza kuwala kochuluka, limazizirapo, madzi oundana n'kukulanso. Akadali kumapeto a dziko, komwe dzuwa ndi lofooka kale, zimenezi zimakhala ndi malire. Koma akatsika kufika pa madigiri pafupifupi 30 kuchokera ku ikweta, komwe kuli Durban ndi Cairo lero, kuwala komwe akubweza kumakhala kochuluka mwakuti palibe chowaimitsa. Amakakumana ku ikweta. Mawerengedwe a akatswiri amati kuzizira kwa dziko kukanafika madigiri 50 pansi pa ziro, nyanja zamchere zitakutidwa ndi madzi oundana ochindikala mpaka kilomita.

Nanga n'chiyani chinawakankhira mpaka pamzere umenewo? Zinthu zingapo zinakumana. Dzuwa la nthawi imeneyo linali lofookerapo ndi magawo 6 pa 100, pakuti dzuwa limawala kwambiri likamakalamba. Dziko linkadalira mpweya wa kaboni wochuluka kuti lifunde, ndipo mpweya umenewo ndi womwe unayamba kutha.

Momwe umathera zikuchitika lero lomwe m'chigwa cha Bua. Mvula ikamagwa imatenga mpweya wa kaboni n'kukhala yowawasa pang'ono. Ikagwera pamiyala ya ku Mchinji ndi ku Kasungu imaidya pang'onopang'ono, n'kusiya dothi lofiira la katondo, ndipo mchere wosungunuka umatsika ndi mtsinje kulowa m'nyanja, mu Shire, mu Zambezi, mpaka ku nyanja ya India, komwe umagona pansi ngati laimu, kaboni ali m'kati. Kukatentha ndi kunyowa ntchitoyi imafulumira, kukazizira imachedwa, ndipo mwa njira imeneyi dziko limadziwongola lokha. Mitunda ya kumpoto ikakutidwa ndi chipale, miyala yake imaleka kudyedwa, mpweya n'kuyambanso kuchuluka.

Zaka 720 miliyoni zapitazo chowongolera chimenechi chinalephera, chifukwa mitunda yambiri inali itaunjikana m'madera otentha. Mtunda waukulu wa nthawiyo, Rodinia, unali kusweka, ndipo chidutswa chilichonse chinapeza magombe atsopano ndi mvula yochuluka. Posakhalitsa chisanu chisanayambe, chiphalaphala chochuluka zedi chinatuluka m'dera lomwe lero ndi kumpoto kwa Canada, lomwe panthawiyo linali pafupi ndi ikweta, ndipo mwala wakuda wa chiphalaphala ndi womwe mvula imadya msanga kuposa ina yonse. Madzi oundana ankakula panyanja kumapeto a dziko, koma miyala ya kumadera otentha inkapitirizabe kumeza mpweya, popanda chouletsa. Mu 2024 Adriana Dutkiewicz wa ku University of Sydney ndi anzake anawonjezera mbali ina: nthawi yomweyo mapiri ophulika a pansi pa nyanja zamchere ankatulutsa mpweya wochepa kwambiri. Wolowa unachepa, wotuluka unachuluka. Si kuti dzuwa linazima kapena chimwala chinagwa kuchokera kumwamba, koma kuti kusiyana kwakung'ono kunapitirira kwa zaka mamiliyoni.

Budyko ankakhulupirira kuti dziko likalowa mumsampha umenewu silingatulukemo, ndipo poti tilipo, ndiye kuti silinalowemo. Yankho linabwera mu 1992 kuchokera kwa Joseph Kirschvink wa ku Caltech, m'kalata yaifupi momwe munachokera dzina loti Snowball Earth. Iye anati chisanu chimaimitsa mvula ndi mitsinje, koma sichiimitsa moto wa pansi pa nthaka.

Anthu a ku Nkhotakota safunika kuuzidwa za moto umenewu. Ku Mawira madzi amatuluka pansi ali otentha, atatsika m'ming'alu ya chigwa n'kukafunda pamiyala yakuya. Chivomerezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 ndi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinachokera m'ming'alu yomweyo. Kumpoto kwa nyanja, ku Rungwe m'dziko la Tanzania, mapiri ophulika akadali amoyo, ndipo ku Kyejo mpweya wa kaboni umatuluka pansi wochuluka mwakuti amautunga n'kuugulitsa kwa opanga zakumwa. M'dziko loundana, mapiri otere ankapitiriza kupuma chaka ndi chaka, koma kunalibe mvula yotsuka mpweyawo kapena miyala yoonekera youmeza. Unaunjikana kwa zaka mamiliyoni mpaka kuchuluka kwake kunaposa kwa lero maulendo mazana. Ku ikweta kutangosungunuka kamzere ka madzi akuda, zonse zinatembenuka: madzi ameza dzuwa, afunda, asungunula ena. Dziko linachoka m'chisanu n'kugwera m'ng'anjo, mpweya wonse uja ukadali mumlengalenga.

Umboni wa kutembenukaku anaupeza ku Namibia. Paul Hoffman ndi Daniel Schrag a ku Harvard, pamodzi ndi Alan Kaufman ndi Galen Halverson, anafalitsa mu 1998 zomwe anaona m'mapiri ouma a kumpoto kwa dzikolo: miyala ya chisanu, yokhala ndi zimiyala zomwe zinagwa m'matope a pansi pa nyanja kuchokera m'madzi oundana oyandama, ndipo pamwamba pake penipeni, popanda chodutsa pakati, laimu. Munthu angaike chala pamzere wolekanitsa ziwirizi. Mvula yowawasa ya dziko lotentha inadya miyala yomwe madzi oundana anaipera, n'kuthira laimu m'nyanja zonse nthawi imodzi. Ku Zambia nakonso, pamwamba pa Grand Conglomérat pali laimu wa Kakontwe, yemwe amakumbidwa ku Ndola.

Si onse amavomereza kuti nyanja zinatsekeka kotheratu. Ena amati ku ikweta kunatsala lamba wa madzi osaundana, ndipo mfundo yawo yamphamvu ndi yoti ndere ndi tizamoyo tina tofuna kuwala tinapulumuka. Otsutsana nawo amaloza maiwe a pamwamba pa madzi oundana a ku Antarctica ndi akasupe otentha, komwe zamoyo zotere zimakhala lero, ndipo amafunsa momwe chisanu chosatseka nyanja chikanakhalira zaka 55 miliyoni. Funso limeneli ndi lovuta kuliyankha, ndipo masiku omwe ayezedwa m'miyala ya m'makontinenti osiyanasiyana, oonetsa kuti chisanu chinayamba pamodzi ndi kutha pamodzi, apereka mphamvu ku mbali ya Hoffman. Chomwe palibe akutsutsa ndi choti patapita zaka mamiliyoni makumi angapo chisanu chachiwiri chitatha, m'miyala mumayamba kuoneka zamoyo zikuluzikulu zoyamba zooneka ndi maso.

Dzuwa la lero ndi lamphamvu kuposa la nthawi ya Rodinia, ndipo mpweya wa kaboni wapitirira magawo 420 pa miliyoni, kuposa nthawi ina iliyonse m'zaka 800,000 zomwe madzi oundana a ku Antarctica anasunga. Wina mwa mpweyawo ndi womwe mitengo ya nthawi ya Gondwana inakwirira. Chisanu sichili pafupi. Chomwe matope a Viphya akunena kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja n'chokhudza madzi.

Pa madzi onse omwe nyanjayi imataya pachaka, pafupifupi magawo 4 mwa 5 amauma ndi dzuwa ndi mphepo, Shire amatenga otsalawo. Mvula ikachepa pang'ono kwa zaka zotsatizana, kapena kutentha kukakwera, nyanja imatsika msanga. Kuyambira 1915 mpaka 1935 Shire analeka kutuluka m'nyanja, mchenga ndi bango zitatseka pakamwa pake. Mu 1980 madzi anakwera kuposa chaka china chilichonse chiyambire kuyeza. Mu 2016 ndi 2017 anatsika mpaka magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo mu 2024 anabwerera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota komwe. Kuchokera pansi pa 1915 kufika pamwamba pa 1980 pali mamita pafupifupi 7. Makina a magetsi a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo, zimayendera mamita atatu kapena anayi a pamwamba, omwe amasefukira mu Shire ku Mangochi n'kukaimitsidwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde.